Mtengo wa Nsungwi

6 Seputembala

Wokondedwa mwana wanga Nsungwi,

Moni. Ndikhulupirira kuti unafika bwino ndipo wayamba kuzolowera. Kuno tonse tili bwino. Mayi ako miyendo ija yasiya kutupa, achimwene ako akuyendetsabe galimoto ya buledi. Ndasankha kalata chifukwa pafoni paja ukudziwa, khutu langa lakumanzere linatha ndi phokoso la mashini, ndiye timangotha mayunitsi ndi "wati chiyani?"

Kometera kuno kwasintha pang'ono chichokere iwe. Kale pa TV tinkaonera mpira wamiyendo basi. Anthu atamva kuti mwana wa wometa wapita kunja kukasewera basiketibolo yolipidwa, mnzathu Wamagetsi anakwera padenga n'kutembenuza dishi, ndiye Loweruka lililonse masana tikumaonera ligi yaikulu ya amuna ija. Kunena zoona ine sinditolapo kanthu. Ndimangoona anthu athamangira uku, abwerera uko, wezulo walira. Koma makasitomala achuluka.

Sabata yatha anaonetsa mnyamata wina atavala suti, akusaina pepala. Pansi pake analemba malipiro ake: mamiliyoni makumi anayi pachaka, a ndalama zakumeneko. APhunzitsi, opuma ntchito aja amene amabwera kudzawerenga nyuzipepala yanga, anavula magalasi n'kunena kuti dziko lapenga. Anati iwo aphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zinayi, ena lero ndi madokotala, koma munthu woponya mpira m'dengu lobooka akulandira pasabata zimene iwo sanazigwirepo moyo wawo wonse. Wamagetsi anawayankha kuti palibe anagulapo tikiti kuti akaonere aPhunzitsi akulemba pabolodi. Iye akuti munthu wodzaza bwalo ndi anthu zikwi makumi awiri, eni timu amamudyerapo zambiri, moti mamiliyoni amenewo n'kumubera ndithu. Telala wa khomo loyandikana nafe satenga mbali. Iye amangokonda manambala aakulu, amawabwereza pang'onopang'ono ngati akumung'unya switi.

Kenako onse atatu anatembenukira kwa ine, akuti nanga wanuyo akulandira zingati? Ndinati sindikudziwa, ndipo ndi zoona.

Mashini anga aakulu aja ayamba kuzula tsitsi m'malo modula. Dzulo kasitomala wina anachita kudzuka pampando. Utiuze za kumeneko: ukugona pati, kukuzizira bwanji, nsapato za saizi yako zikupezeka? Mayi ako akuti uzidya.

Ndine bambo ako.

28 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu yafika Lachitatu. Ndasangalala kumva kuti Amayi akupeza bwino. Inenso ndili bwino.

Timu inatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala. Timakhalamo atatu, tonse ndife obwera. Bedi langa ndi lalifupi, ndinachita kuika mpando kumiyendo. Fungo la matayala lalowa m'zovala zonse, mwina mulimva ndi papepalali. Kuzizira kwayamba. Nsapato zikupezeka, kuno phazi langa si nkhani.

Timakonzekera kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Bwalo lathu ndi holo ya sukulu ya sekondale, moti tikamaliza m'mawa timakankhira mabenchi kukhoma kuti ophunzira alowe. Pamasewero kumabwera anthu mazana atatu, mwina anayi tikakumana ndi timu ya tauni yoyandikana nayo. Kochi wathu salankhula zambiri. Pakali pano ndimayambira pabenchi. Ndimalowa mphindi zisanu ndi zitatu, nthawi zina khumi, amene ndimasinthana naye akatopa.

APhunzitsi muwauze kuti mtima ukhale m'malo. Anthu amene mukuwaonerawo nafenso timawaonera pa TV ngati inu nomwe. Yathu ndi ligi ina, dziko lina, komanso ndife akazi.

Za mashini ndamva. Ndatumiza kangachepe, mugule atsopano. Si zambiri chifukwa ndangolandira kamodzi. Zina zibwera ndikakhazikika.

Moni kwa Amayi ndi achimwene.

Ndine mwana wanu,
Nsungwi

11 Okutobala

Mlongo wanga,

Zikuyenda? Kuno ndi momwemo, buledi m'mawa, buledi masana, ndikagona ndimalota mathileyi. Keyala yako ndaitenga kwa Amayi.

Ndisazungulire. Mlamu wa bwana wanga akugulitsa takisi. Ndaiyendetsa ndekha, injini ilibe vuto, chofunika ndi matayala awiri basi. Galimoto imeneyi ikakhala yathu, iweyo udzakhala mwini wake, ine woyendetsa, ndipo pakhomo pano sipadzasowanso sopo. Munthuyo wati atha kudikira mpaka chaka chatsopano.

Usandiuze kuti ulibe. Ndinali kometera Loweruka. Wamagetsi amazitsata bwino zinthuzi, ndipo akuti m'ligi yaikulu ija ngakhale munthu amene amangokhala pabenchi kugwirira anzake matawulo amalandira miliyoni. Chabwino, inu ndi akazi, ligi ndi yaing'ono, tidule kakhumi. Tidulenso kakhumi. Chotsalacho ndi takisi ndithu.

Usaone ngati ndine ndekha ndikuganiza zimenezi. Mdala umawadziwa, salankhula. Koma aima pambuyo pa mpando uja zaka makumi atatu, madzulo amachita kugwira msana pokhoma chitseko. Tsiku lililonse nkhani kometerako ndi ya iwe, ndipo iwo saletsa. Ukuganiza kuti amakulembera za mamiliyoni a anthu osawadziwa chifukwa chiyani? Munthu wamkulu sangapemphe mwana wake wamkazi ndi pakamwa. Amangoika nkhani pafupi kuti wanzeru atole. Za mashini unatola msanga, watha bwino. Tola ndi zinazi.

Undiyankhe ine, osati kudzera kwa Mdala.

Ndine mchimwene wako.

14 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Kalata yako tailandira, ndalamanso zafika. Zikomo. Mashini akale aja Wamagetsi anali atawakonza kale, kanali kasipuling'i kokha, koma poti unanena kuti ndigule, ndagula. Tsopano ndili ndi awiri.

Mayi ako anandiwerengetsa kalata yako kawiri. Za bedi lalifupi sanakondwe nazo. Ndinawerengerako mbali zina amuna aja, poti ankafunsa tsiku ndi tsiku. Telala sanakhulupirire. Akuti osewera onse amauzidwa kuti azibisa malipiro awo, ndipo nkhani ya matayala waipeka kuti abale asakuvutitse.

Wamagetsi wabwera ndi nzeru ina. Akuti mtengo wa wosewera sayezera kutalika kapena dzina, amayezera mphindi zimene ali m'bwalo ndi mapointi amene wagoletsa. Masewero ali ndi mphindi makumi anayi, iwe umalowa zisanu ndi zitatu, ndiye pakali pano timu yako inagula gawo limodzi mwa magawo asanu a munthu. APhunzitsi anati ngati ndi choncho ndiye kuti ukulipidwa chifukwa chokhala pansi, ndipo imeneyo ndi ntchito yokhayo m'masewerawa imene iwo akuimvetsa. Anthu anaseka. Telala anabweretsa katoni ndi choko chake cholembera nsalu, anajambula mizere, n'kuipachika pafupi ndi galasi. Pamwamba analemba dzina lako. Akuti uziwatumizira mphindi ndi mapointi a masewero aliwonse, iwo azikuwerengera mtengo wako mwezi ndi mwezi.

Kuno mvula yayamba kuopseza koma sinagwe. Lendi ya shopu akuti ikwera Januwale, tiona. Tilembere.

Ndine bambo ako.

19 Novembala

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndi ya Bambo zinafika tsiku limodzi. Ndinayamba kuwerenga yanu, kenako yawo, ndipo ndinaona zimene mukunena. Lendi ija anaiika kumapeto kwenikweni.

Ndalama za takisi ndilibe, ngakhale za matayala awiriwo, chonsecho ndimagona pamwamba pa matayala mazana.

Koma njira ilipo. Mtsikana amene ndinkasinthana naye sanagwirizane ndi kochi, wabwerera kwawo. Tsopano woyamba ndine. M'kontirakiti yanga muli mawu akuti ndikayamba masewero makumi awiri nyengo ino, timu iyenera kundisunga chaka china, malipiro n'kuwirikiza kawiri. Ndayamba kale atatu.

Chovuta ndi bondo lakumanja. Ndikatha kusewera limatupa, m'mawa sindingatsike masitepe osagwira khoma. Dokotala wa timu anati ndipume masabata asanu ndi limodzi. Ndinamufunsa ngati malo anga angandidikire nthawi yonseyo. Anangotsegula kabati ya majakisoni. Ndiye amandibaya tisanalowe m'bwalo, ndipo kwa maola atatu ndimakhala ndi bondo la munthu wina.

Za bondozi musawauze Bambo kapena Amayi. Bambo sindiwalembera kaye. Sindikudziwa cholembera munthu amene wandipachika pakatoni pafupi ndi galasi. Muwapatse izi akaonetse anzawo: mphindi 31, mapointi 12, mphindi 29, mapointi 9, mphindi 33, mapointi 15. Zina ndizikutumizirani pafoni.

Mwini takisiyo muuzeni kuti asadikire. Ngati zitheka, ndi chaka chamawa.

Mlongo wanu.

21 Disembala

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Miyezi iwiri yatha tisanalandire kalata yako. Mayi ako amapita kupositi Lachisanu lililonse, amabwerako ndi bilu ya madzi. Achimwene ako amabwera ndi manambala ako pakapepala, akuti umawatumizira pafoni, ndiye tikudziwa kuti uli moyo ndipo ukusewera kwambiri. Katoni yadzaza, Telala wabweretsa yachiwiri. Wamagetsi akuti tsopano ndiwe munthu wathunthu, kungotsala kachidutswa.

Kuno kunali kusamvana. Wosewera wina wotchuka m'ligi yaikulu ija wakana kulowa m'bwalo mpaka amuwonjezere malipiro. APhunzitsi anali pampando, ine ndikuwameta, ndipo anati limenelo ndi dyera lopanda manyazi. Wamagetsi anati wosewera amagulitsa mawondo ake, mawondowo amatha zaka khumi, ndiye akapanda kukwera mtengo lero adzamudyetsa ndani mawa? APhunzitsi anati mmero wa mphunzitsi nawonso umatha, koma iwo sanasiyepo kalasi. Apo Wamagetsi ananena mawu amene sanayenera kunena.

"Chikukupwetekani si dyera la mnyamatayu, aPhunzitsi. Chikukupwetekani n'chakuti inuyo palibe anafunsapo mtengo wanu."

APhunzitsi anachotsa nsalu pakhosi, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka mutu uli wometa mbali imodzi. Anabwera m'mawa mwake ndisanatsegule, atavala chipewa, kuti ndiwamalize kulibe anthu. Panopa amabwera Lachiwiri, tsiku limene Wamagetsi amakhala kuntchito yakutali.

Ngati watanganidwa, mizere iwiri ikwana. Mayi ako akufunsa ngati unapeza bedi lina.

Ndine bambo ako.

10 Febuluwale

Bambo,

Moni. Ndikulemba ndili pabedi, mwendo uli pamapilo awiri.

Zinachitika pamasewero anga a nambala 17, kutatsala mphindi zinayi. Ndinalumpha kuti ndiwakhe mpira, potera bondo linapita kwake. Sindinamve kupweteka nthawi yomweyo chifukwa cha jakisoni amene ankandibaya. Ndinangomva kulira kwake, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Ndinayesa kudzuka kawiri. Mtsempha wa m'kati unaduka. Opaleshoni anachita Lachinayi lapitali, timu ndi imene yalipira.

M'kontirakiti yanga munali mawu akuti ndikayamba masewero makumi awiri andisunga chaka china pamalipiro owirikiza. Manijala wa timu anabwera kuchipatala ndi maluwa ndi pepala. Anati apepesa kwambiri, koma kwatsala atatu. Ndinamufunsa ngati 17 si pafupi ndi 20. Anati iye akanakonda, koma eni timu amaona zolembedwa. Sanalankhule mwankhanza. Anandithirira madzi m'kapu asanatuluke. Kontirakiti itha mu Epulo, nyumba ndituluke kumapeto kwa mwezi womwewo.

Ndiye yankho la funso la anzanu lija nali. Malipiro anga ndi ofanana ndi a mayi amene amakolopa holo yathu, kungoti iwo amalandira chaka chonse, ine miyezi isanu ndi itatu. Kuyambira Meyi palibe chilichonse. Telala alembe zimenezo pakatoni.

Dokotala anandiuza mu Novembala kuti ndipume, ine sindinapume. Ndinkafuna kuti chaka chamawa ndikhale ndi chokutumizirani, musamavutike kundiuza za mamiliyoni a ana a eni ake m'kalata iliyonse. Achimwene anandimasulira tanthauzo lake. Mukanangonena kuti mukufuna zingati, bwenzi nditadziwa polekezera.

Amayi muwauze mofatsa. Anzanga awiri aja akundisamalira, ndikudya.

Nsungwi

4 Malichi

Mlongo wanga,

Sindikudziwa poyambira, ndiye ndingokuuza mmene zinayendera.

Kalata yako inafika Lachisanu. Amayi anapita nayo kometera isanatsegulidwe. Akuti Mdala anaiwerenga chiimire, kasitomala ali pampando. Atamaliza anaiika m'thumba la shati, anamaliza mutu wa munthu uja bwinobwino mpaka kumupukuta m'khosi, kenako anauza ena amene anali pamzere kuti abwere mawa. Anakhoma shopu nthawi ya 11 m'mawa, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi. Iwe ukudziwa kuti ngakhale tsiku limene ndinkakwatira anayamba ameta anthu anayi.

Anayenda wapansi mpaka kubekale. Anandipeza ndikukweza mathileyi m'galimoto. Anaima pambali kudikira kuti ndimalize.

"Za bondo unkadziwa?"

Ndinati eya.

"Kuyambira liti?"

Ndinati Novembala.

"Ndipo unkandibweretsera manambala."

Kenako anafunsa zimene ndinakulembera. Ndinawauza zonse, za takisi, za msana wawo, za kutola. Ndinkayembekeza kuti akalipa pamaso pa anzanga. Sanakweze mawu. Anati ndinalankhula m'dzina lawo iwo ali moyo, ndipo pakamwa ali napo, kungoti sadziwa kupagwiritsa ntchito. Anatembenuka n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni. Amayi ndiye anandilankhula zambiri, sindingazilembe pano.

Ine ndinkaona ngati ndikunena zoona. Ndinkakhulupirira ndithu kuti Mdala akufuna zimenezo, mwina chifukwa ndinkazifuna ndine. Za bondo ndinaganiza kuti osewera onse amabayidwa, ndi mmene ntchitoyo ilili. Takisi ija inagulidwa ndi munthu wina Januwale.

Pepa, mlongo wanga. Ngati sufuna kundiyankha ndimvetsa.

Mchimwene wako.

6 Malichi

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndinailandira. Ndachedwa kuyankha sabata yathunthu chifukwa ndinang'amba mapepala atatu.

Ndalama zako sindinazifunepo. Za mashini ndinakuuza chifukwa ndi zimene zinachitika sabata imeneyo. Za lendi chimodzimodzi. Lendiyo inakwera, ndikulipira.

Uli wamng'ono ndinkakuletsa mpira umenewu. Nsapato zako ndinazibisa kawiri, kachiwiri pamwamba pa kabati, osaganiza kuti ndiwe wekha m'nyumba muno wofikira pamenepo. Zaka zonse zimene unasewera kuno sindinabwere kudzakuonera ngakhale kamodzi. Ndinkati Loweruka ndi tsiku la makasitomala. Utachoka ndinakhala pansi ndi pepala kuti ndikulembere, ndipo ndinapeza kuti za ntchito yako sindidziwa chilichonse. Sindidziwa kuti umaima pati, umachita chiyani, chovuta n'chiyani. Chimene ndinali nacho chokhudza basiketibolo ndi zokamba za amuna atatu aja. Ndinkaona ngati ndikakulembera zimenezo ndiye kuti ndikucheza nawe za ntchito yako. Katoni ija ndinailola chifukwa panali dzina lako, ndipo aliyense wokhala pampando ankaliwerenga.

Amuna aja ndawauza. Telala anatsitsa makatoni ake. Wamagetsi anati timu yakubera, masewero atatu si chifukwa chotayira munthu. APhunzitsi, amene anabwera atamva nkhaniyi ngakhale silinali Lachiwiri, anati n'zimene akhala akunena, kuti malonda ogula anthu alibe chisoni. Anatsala pang'ono kuyambananso, kenako anazindikira kuti akutukwana manijala mmodzi yemweyo. Ndawauza kuti m'shopu mwanga atha kuika mtengo pawosewera aliyense padziko lapansi kupatula mmodzi.

Ngati ukufuna kubwera, bwera. Chipinda chako chilipo, mayi ako amachisesa. Ngati ukufuna kukhala, utiuze mmene ukhalire. Achimwene ako ndidzawalankhula, koma osati mwezi uno.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Ukapeza mphamvu, undilembere zimene umachita m'bwalomo. Osati manambala.

Ndine bambo ako.

3 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Koyamba ndinali ndidakali wokwiya, ndiye sindinamve zambiri. Sindinganene kuti zonse zatha, chifukwa bondo silimva kupepesa. Koma ndamva. Inenso ndikanatha kukufunsani mwachindunji, m'malo mokhulupirira womasulira.

Ndikuyenda ndi ndodo imodzi tsopano. Katatu pasabata ndimapita kuchipatala kukapinda ndi kuwongola mwendo, ntchito yotopetsa kuposa masewero alionse. Sindibwera kaye. Timu ina ya ligi yapansi yanena kuti ndikatha kuthamanga pofika Ogasiti idzandiyesa. Malipiro ake ndi theka la akale aja, ndipo palibe chimene alonjeza. Mwini shopu ya matayala wandipatsa ntchito yoyankha foni ndi kulandira makasitomala, komanso kachipinda kuseri kwa shopu, kopanda masitepe. Ogasiti ikakanika, ndidzabwera.

Mwafunsa zimene ndimachita. Ntchito yanga yaikulu si kugoletsa. Timu iliyonse imakhala ndi katswiri wake woponya, ndipo adani amamuikira munthu womutsatira paliponse ngati chithunzithunzi. Katswiriyo sangaponye munthu ali pamphuno pake. Ndiye ine ndimathamangira pamene adutse, ndimaima nji, miyendo motalikirana, manja pachifuwa. Mnzangayo amadutsa mondikhudza phewa, womutsatira uja n'kudzandigunda ine. Pamene akudzimasula, mnzanga uja watsala yekha, waponya. Timati kutchinga. Lamulo lake n'lakuti usasunthe ngakhale pang'ono. Ukasuntha, wezulo amalirira iwe. Umamuona munthu akubwera ndi liwiro lake lonse, iwe n'kungoima.

Pamasewero amodzi ndimatchinga mwina kokwana makumi atatu. Papepala la mapointi salembapo zimenezi. Kochi ndi amene amaona, ndi mnzako amene wam'masulayo. Nthawi zina pobwerera amakuloza ndi chala, basi.

Achimwene ndawalembera padera. Muwalankhule, Bambo, mwezi uja watha. Amayi muwauze kuti kuchipinda chatsopanochi ndikugona pamatiresi pansi, ndiye miyendo ikukwana.

Ndine mwana wanu,
Nsungwi

28 Epulo

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Mayi ako akuti pansi pamazizira, uyale katoni kunsi kwa matiresi. Achimwene ako anabwera Lamlungu, ndinawameta, tinalankhula pang'ono.

Loweruka tinaonera masewero. Ndinapempha kasitomala amene anali pampando kuti andidikire, ndinazimitsa mashini, n'kuima pafupi ndi TV. Poyamba maso ankangothamangira kumpira monga mwa masiku onse. Ndinachita kudzikakamiza kuyang'ana kumene kulibe mpira. Patapita nthawi ndinamuona. Anali mnyamata wamkulu thupi, wometa mpala, nambala 44. Anathamangira pakona, anaima monga unanenera, manja pachifuwa. Wina anabwera n'kumugunda mpaka mutu unagwedera. Iye sanasunthe. Mnzake anaponya, mpira unalowa, ndipo shopu yonse inaimirira kuchemerera woponyayo. Telala anatchula mamiliyoni ake. TV inabwereza kuonetsa katatu, ndipo katatu konse nambala 44 ankaoneka theka, m'mphepete mwa chithunzi.

Ndinamutsatira mpaka masewero kutha. Ndinasiya kuwerenga atafika kakhumi ndi kasanu. Wamagetsi anandifunsa kuti ndikuyang'ana chiyani, poti mpira unali mbali ina. Ndinati ndikuonera masewero. Kasitomala uja anatopa kudikira, anapita kukametetsa kwina.

Pali chimene sindinathe kuona chifukwa kamera sikhala pankhope pake. Akakugunda choncho pachifuwa, iwe utaima, zimapweteka kwambiri? Ndipo umatseka maso kapena umamuyang'ana?

Undiyankhe ukapeza nthawi.

Ndine bambo ako.